Mabowo Asanu ndi Atatu a Nyumba ya Wotchi

3 Malichi

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi Amayi. Bondo lija likuvutabe? Ine ndili bwino, kungoti chimfine chandigwira kawiri mwezi umodzi. Ndasankha kulemba kalata chifukwa pa foni mumangoti "eya, eya" ngakhale pamene simunamve, ndipo nkhani ndili nayoyi ndikufuna muimve yonse.

Chaka chamawa Nyumba ya Wotchi ikwanitsa zaka zana limodzi. Akuluakulu a yunivesite andipatsa ntchito yolemba mbiri yake, poti ndine ndimasunga makalata akale, komanso ofesi yanga ili momwemo. Ndawerenga zambiri. Nyumbayi inayamba ngati sukulu yophunzitsa aphunzitsi, ya ophunzira makumi anayi okha, yunivesite isanaganiziridwe n'komwe. Njerwa zake anaumba ndi kuwotcha pompano. Dzenje limene ankakumbamo dothi ndi lija linasanduka dziwe kuseri kwa bwalo la mpira. Omanga anaikhazika ngati munthu wotambasula manja kuti alandire mlendo: nsanja ya wotchi pakati, chigawo china kumadzulo, china kum'mawa, kapinga pakati pawo. Cha kumadzulo chili pokwera, ndiye pansi pake anangoyala miyala. Cha kum'mawa, kumene ndimakhala ine, chili potsetsereka. Kumeneko anakweza maziko n'kuyala matabwa, ndipo pansi pa matabwawo anasiya mpata woti munthu n'kukwawamo.

Koma mapepala amangonena za amene analamula ndi amene anadula riboni. Za amene ananyamula njerwa, zii. Inu munagwira ntchito pano zaka makumi anayi zapitazo, nthawi imene ankaikonzanso, ndipo chiyambire ndili mwana mwakhala mukutiuza kuti pano palibe khoma losadziwa dzanja lanu. Amayi amati nkhanizi anazimva mpaka makutu kutopa. Anga sanatope. Mundilembere zonse zimene mukukumbuka, ngakhale zooneka zazing'ono.

Chimfinechi ndikuganiza kuti n'cha mu ofesi muno. Mukununkha chinyezi, ndipo mapepala ena ayamba kuchita chuku. Akuti abweretsa injiniya adzaone.

Magalasi anu a maso sindinaiwale.

Ndine mwana wanu,
Namabuku

14 Malichi

Namabuku mwana wanga,

Kalata yako yafika. Tili bwino. Bondo lilipo, silinapite kulikonse. Mayi ako akuti uzivala juzi, ngati kuti kuyunivesiteko sanakuphunzitse zimenezo. Ukuona zilembo zikuluzikuluzi? N'chifukwa magalasi aja dzina lawo likadali "sindinaiwale".

Ndinafika pamalopo ndili ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, waganyu chabe, m'thumba muli chipande chomangira chimodzi ndi levulo yobwereka yoonera ngati khoma lawongoka. Kapitawo atandiona ndagwira chipande ndi dzanja lamanzere anati, "Iwe, khoma lako lidzathawira kwa aneba." Kuyambira tsiku limenelo ndinakhala Manzere, ndipo ambiri anamwalira osadziwa dzina langa lenileni.

Tsopano lemba izi. Pakhonde pali makomo khumi ndi anayi okhota pamwamba ngati uta. M'menemo mulibe chitsulo ngakhale chimodzi. Njerwa iliyonse imatsamira inzake, ndipo yapakati pamwamba ndiyo imatseka mkangano. Khomo lachitatu kuchokera pa nsanja linali litang'ambika. Tinaliphwasula n'kulimanganso pa thabwa lokhota, ndipo yapakatiyo ndinaika ndine. Upite ukalione, undiuze ngati lasuntha.

Lembanso kuti nyumbayo sanamangire simenti koma laimu ndi mchenga. Ukakanda ndi msomali pakati pa njerwa, matope ake amayoyoka. Anyamata a masiku ano akaona zimenezo amati nyumba ndi yofooka. Ayi. Kukatentha khoma limadziwongola, kukazizira limadzikoka, ndipo laimu amalola. Simenti salola, n'chifukwa chake amang'amba njerwa. Makomawo ndi a njerwa zitatu m'lifupi. Timawindo tating'ono tili pamwamba pa zitseko si tokongoletsa, n'totulutsira mpweya wotentha. Masana dzuwa likaswa mtengo, ukaike dzanja pakhoma mkati. Ukapeza pali zii. Anthu amenewo analibe makina oziziritsira, koma mitu anali nayo.

Za chinyezicho, uwauze ayambe aona ngalande za padenga. Kawirikawiri amakhala masamba basi.

Mundiike tsamba loyamba, osati kumapeto kumene anthu safikako.

Bambo ako

29 Malichi

Okondedwa Bambo,

Zikomo kwambiri. Kalata yanu ndaiwerenga katatu, ndipo khomo lachitatu lija silinasunthe ngakhale pang'ono. Amayi muwauze kuti juzi ndikuvala.

Koma ndili ndi nkhani yosakoma. Injiniya uja anabwera. Timawatchula kuti a Chipewa, chifukwa chipewa chawo choyera sachivula ngakhale mu ofesi. Ngalande za padenga anazipeza zoyera. Kenako anazula matabwa atatu pafupi ndi desiki yanga n'kuwunikamo ndi tochi. Bambo, mitanda yochirikiza matabwa yawola, ina chala chimalowa. Kunsi kwa thabwa lililonse kuli madontho a madzi ngati pa chivundikiro cha poto.

A Chipewa akuti omanga oyamba analakwitsa. Anasiya mpata pansi pa nyumba, pa nthaka yonyowa, koma osausiyira polowera mpweya. Mkati mwa mpatawo khoma n'lopaka pulasitala ponseponse, ndipo kunja kulibe bowo. Akuti nyumba yobadwa ndi matenda otere siichira. Alemba lipoti loti chigawo chonse cha kum'mawa chigwetsedwe, amangepo nyumba yosanjikiza ya magalasi. Komiti ikumana pa 28 Meyi kuti igamule.

Ine sindinakhulupirire kuti anthu amene anaganiza za timawindo tija angaiwale zimenezi. Ndinafufuza m'mabokosi mpaka ndinapeza kope la mkulu wina amene ankayang'anira nyumbayi kalekale. Chaka chilichonse mvula ikatha ankalemba mzere womwewomwewo: "Ndayeretsa mabowo asanu ndi atatu a mpweya, khoma la kum'mawa." Masamba omaliza anadyeka ndi chinyezi chomwechi, ndiye sindikudziwa kuti analeka liti.

Ndinawaonetsa a Chipewa. Anandiyendetsa khoma lonse, uku ndi uku, n'kunena kuti, "Mayi, ndionetseni limodzi lokha, lipotili nding'amba." Ndinagwada, ndinakwawa, maondo a siketi mpaka kuda. Njerwa zonse n'zofanana. Zithunzi zakale nazonso sizikuthandiza, poti aliyense ankajambula kumaso kuli wotchi. Iwo akuti mwina mkuluyo ankanena mawindo. Komabe avomera kuti mabowowo atakhalapo, kungowatsegula ndi kusintha mitanda, nyumba ikhoza kuuma chaka chimodzi.

Ngati alipo amene anawatseka, munthu ameneyo ndi mbuli. Anagwira nyumba pakamwa ndi pamphuno. Ndikanamudziwa ndikanalemba dzina lake m'buku langa kuti mibadwo yonse imudziwe.

Kodi inu munawaonako mabowo amenewa? Mundiyankhe msanga, nthawi yachepa.

Mwana wanu,
Namabuku

19 Epulo

Okondedwa Bambo,

Papita masabata atatu osamva chilichonse. Ndaimba foni kawiri, Amayi akungoti muli kuseri. Kodi mwadwala n'kumandibisira?

Ngati ndi magalasi, ndapepesa. Ndinakupemphani kuti mundilembere masamba ambiri pamene ine ndikudziwa kuti maso akuvuta, ndipo chimene munapempha inu ndinachichedwetsa. Sindinachite bwino. Ndawatumiza pamodzi ndi kalata ino. Akakhala kuti akukanikiza pamphuno, mundiuze.

Dzulo kunabwera anthu oyeza malo. Akhoma timitengo topaka utoto wofiira pa kapinga, pamene akuti padzadutsa mpanda wa malata. Ine andiuza ndiyambe kulongedza mabokosi.

Ngakhale mzere umodzi, Bambo. Ngakhale kungoti simukukumbuka.

Namabuku

27 Epulo

Mwana wanga,

Ndine mayi ako. Tili moyo. Magalasi afika ndipo akuwakwana, usadandaule. Bambo ako sakudwala, ndipo za magalasizo sanakwiye, anali kungokuseka.

Chimene chilipo n'chakuti chifikire kalata yako ya mwezi watha ija, munthuyu wasintha. Akadzuka amatenga mpando n'kukakhala kuseri, maso pakhoma la nyumba yathu yomweyi. Amaloza njerwa ndi chala, milomo ikugwedera. Amafika pakati, n'kupukusa mutu, n'kuyambiranso pa ngodya. Chipande chawo chakale chija achitulutsa m'sutikesi, achikwecha ndi mchenga mpaka kuwala, chonsecho palibe chomanga.

Ine ndinayamba kuganiza kuti mwina wawalembera za mwamuna. Kalatayo anaibisa m'thumba la jekete. Ukudziwa kuti ine sindiwerenga makalata a eni, koma jeketeyo inafunika kuchapa. Ndinangopezamo njerwa ndi chinyezi, ndipo ndinakhumudwa pang'ono.

Dzana ndinawafunsa kuti, "Bambo a Namabuku, mwadwala?" Akuti ayi. "Nanga mwafedwa, ife osamva?" Kenako akuti, "Mayi, kodi mukanandilola ndikanakhala waganyu mpaka kalekale?" Ndinati, "Ndinakulolani muli ndi malaya amodzi, ong'ambika pakhosi. Tadyani, chakudya chikuzizira." Anaseka pang'ono, koma anadya theka.

Usalembenso kaye, ndipo usaimbe. Ndakhala nawo zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zinayi. Akafika powerenga chonchi ndiye kuti chilipo chikubwera, koma ukawakankha amabwerera m'mbuyo ngati bulu.

Juzi uzivala ndithu, osamangonena.

Mayi ako

9 Meyi

Namabuku,

Tili bwino. Magalasi ndi abwino, ndikuona ngakhale zimene sindinkafuna kuona.

Mbuli ija ndine.

Ndikuuza mmene zinakhalira, osati kuti undikhululukire, koma poti wolemba mbiri ayenera kumva zonse. Nthawi imeneyo chipinda ukukhalacho chinali laibulale. Makoswe ankalowera m'mabowo aja n'kumadya mabuku, chifukwa tizitsulo totchinga tinali titadyeka ndi dzimbiri. Tsiku lina anapeza njoka pansi pa shelefu. Woyang'anira mabuku anakana kulowamo sabata yathunthu. Kapitawo anandiitana n'kuti, "Manzere, katseke mabowo awo. Ungophatikapo simenti, zisakutayitse nthawi."

Ndikanamumvera, bwenzi lero pali zigamba zisanu ndi zitatu zoti ngakhale mwana angaziloze. Koma ine ndinali mnyamata wofuna kuoneka. Ntchito inali kutha mwezi womwewo, aganyu tonse tinali oti tichotsedwa, atsale mmodzi. Ndinkafunanso kukafunsira mayi ako. Ndinati m'mtima, nditseka mwakuti kapitawo asapeze pamene ndagwira.

Kuseri kunali khitchini yakale imene tinali titagwetsa, ya njerwa za uvuni womwewo. Ndinasankhamo makumi atatu ndi ziwiri, zinayi pa bowo lililonse, zofanana mtundu ndi zoyandikana nazo. Matope ndinasakaniza laimu, mchenga wa m'dziwe lija ndi phulusa pang'ono kuti aoneke okalamba. Pomaliza ndinapaka madzi a dothi. Mkati ndinakwawamo n'kupaka pulasitala khoma lonse, kuti khoswe asapeze ngakhale pogwira. Zinanditengera masiku asanu ndi limodzi.

Mkulu wa kope uja ndimamudziwa. Anali wamfupi, woyenda ndi mulu wa makiyi m'chiuno. Anandipeza ndili pa bowo lachiwiri n'kuti, "Mphwanga, bwanji osangoika tizitsulo tatsopano? Pansipo pamafuna mphepo." Ndinamuyankha kuti, "Achikulire, inu zanu ndi makiyi, zomanga tisiyireni." Sanabwerezenso. Mawu amenewo ndinali nditawaiwala mpaka kalata yako.

Kapitawo anabwera, anayenda khoma lonse kawiri, n'kundifunsa kuti, "Mabowo aja anali mbali ino kapena inayo?" Anandilemba ntchito tsiku lomwelo. Chaka chotsatira ndinakwatira. Fizi yako yonse inachokera m'ntchito imeneyo. Moyo wanga wonse ndakhala ndikudziwa kuti pa zonse ndinamanga, yabwino koposa inali imeneyo, ndipo sindinkaitchula chifukwa ubwino wake unali woti isaoneke.

Tsopano tenga pensulo. Usawerenge kuchokera pansi, nthaka imakwera ndi zaka. Pamene pathera maziko pali mzere wa njerwa zotulukira kunja ngati mlomo. Kuchokera pamenepo utsike mizere itatu. Uyambire pa ngodya ya kumtunda, uwerenge njerwa khumi ndi imodzi. Bowo loyamba lili pamenepo. Enawo ali pa njerwa makumi awiri ndi zitatu zilizonse. N'zimene ndakhala ndikuwerenga kuseri kuno, ndipo pa lachisanu ndi chimodzi ndikukayika.

Ndiye usadalire kuwerenga kokha. Upite cha m'ma teni koloko m'mawa, dzuwa likamawomba khomalo chammbali. Uyang'ane timizere ta matope toimirira pakati pa njerwa. Womanga wa dzanja lamanja akamasalaza, chipande chimalowa kwambiri mbali ya kumanzere, ndipo kamthunzi kamagwera kumeneko. Changa chimalowa kumanja. Mtundu ndinaubisa, ukalamba ndinaupeka, koma dzanja silibisika.

Tsamba loyamba lija ulisiye.

Bambo ako

18 Meyi

Okondedwa Bambo,

Ndayamba kalata ino kanayi. Mawu aja ndinalemba ndili ndi mkwiyo, ndipo ndinkaganiza kuti ndikunena munthu wopanda nkhope. Mundikhululukire.

Lachiwiri m'mawa ndinapita kukhoma ndi a Chipewa. Ankanyinyirika kuti ali ndi msonkhano. Tinatsika mizere itatu, tinawerenga khumi ndi imodzi, osaona kanthu. Iwo anayamba kuyang'ana wotchi ya pansanja. Ndinawapempha kuti tidikire dzuwa. Itakwana teni koloko ndi mphindi zochepa, timithunzi tinayamba kuoneka, khoma lonse tagwera kumanzere, mzere ndi mzere ngati ana a sukulu pa asembule. Pakati pa tonseto, pamalo pongokwana zikhatho ziwiri, tagwera kumanja.

A Chipewa anagwada. Anagogoda ndi kiyi pamenepo ndi pambali pake, kumvetsera kusiyana kwake. Kenako tinayamba kutsetsereka ndi khoma, iwo patsogolo, akuwerenga mokweza. Bowo lachisanu ndi chimodzi linali pa njerwa makumi awiri ndi zinayi, ndiye munakayika zoona. Onse asanu ndi atatu tawalemba ndi choko.

Titafika kumapeto anavula chipewa. Ali ndi dazi, n'kuona sachivula. Anati, "Ndakhala pa ntchitoyi zaka makumi awiri, khomali ndaliyenda miyezi iwiri. Anatseka ameneyu ndani?" Ndinati ndi mmisiri wina wakale. Anati, "Anaononga nyumba, koma anali mmisiri."

Lipoti sanang'ambe. Akuti choko si umboni, komiti ifuna kuona bowo lenileni. Akonza zobweretsa makina obowolera Lachiwiri la sabata yamawa kuti aswe malo amodzi, komiti isanakumane Lachinayi.

M'buku ndaganiza zongolemba kuti mabowo anatsekedwa nthawi yokonzanso nyumba, chifukwa cha makoswe. N'zoona, ndipo zikukwanira. Dzina la munthu silifunika.

Amayi muwapatse moni. Muzidya.

Mwana wanu,
Namabuku

22 Meyi

Namabuku,

Tili bwino. Ndadya.

A Chipewa uwauze makina awo asayandikire khoma limenelo. Agwedeza njerwa zoyandikana, ndipo zimenezo sizinalakwe. Matope aja ndi a laimu, amachoka ndi tchizulo chaching'ono ndi kuleza mtima, njerwa n'kutuluka yathunthu. Ndikwera basi ya Lolemba m'mawa. Mayi ako akuti bondo, ndawauza kuti ndikagwira ntchito yogwada, ndipo bondoli kupinda ndiye limadziwa, chimalivuta n'kuwongoka. Uwauzenso akonzeretu tizitsulo totchinga makoswe, tosachita dzimbiri.

Za bukulo sindikuvomera. Unadandaula wekha kuti mapepala satchula onyamula njerwa. Ndiye ukayambe iwe kubisa? Mawa wina adzati omanga oyamba anali opanda nzeru, pamene wopanda nzeru akudya bwinobwino kwawo. Ulembe kuti anatseka ndi Manzere, atachenjezedwa ndi mkulu wa makiyi, ndipo sanamve. Mkuluyo umufufuze dzina, ameneyo ndiye wa tsamba loyamba.

Koma ulembenso kuti injiniya anafufuza miyezi iwiri osapeza.

Bambo ako

29 Meyi

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino panokha kumeneko. Bambo anafika bwino ndipo akudya mbale yonse.

Lachiwiri anavala jekete pamwamba pa ovolosi n'kukagwada pa bowo loyamba. A Chipewa anawagwirira ambulera. Anakanda matope pang'onopang'ono kwa maola awiri. Njerwa yoyamba inatuluka yathunthu. Atabowola pulasitala wa mkati, munatuluka mpweya wozizira, wonunkha ngati m'chitsime. Tonse tinabwerera m'mbuyo titagwira mphuno. Bambo okha anakhala pomwepo, nkhope ili pabowo, nthawi yaitali ndithu.

Dzulo a komiti anabwera onse kudzasuzumira, mataye akulendewera pa kapinga. Agamula kuti chigawocho chisagwetsedwe. Achipatsa chaka chimodzi kuti chiume, mitanda asinthe, kenako adzayezenso. A Chipewa akuti chiuma. Timitengo tofiira tija azula.

Bambo musawayembekezere sabata ino. Akuti azitsegula bowo limodzi pa tsiku, ndipo Lachitatu ndi Lachinayi sanagwire chifukwa tizitsulo tinali tisanafike. Akana kusiya bowo lina lapululu kuti makoswe adye mapepala anga.

Anandipempha kuti ndiwaonetse kope la mkulu wa makiyi. Analiwerenga lonse, mzere womwewomwewo chaka ndi chaka, mpaka pamene masamba anadyeka. Kenako anandituma kope latsopano ku sitolo. Ndimati ndiwalembere, koma anandilanda cholembera. Tsamba loyamba lili ndi deti, ndi zilembo zija zopendekera kumanzere: "Ndatsegula bowo limodzi la mpweya, khoma la kum'mawa. Atsala asanu ndi awiri."

Mwana wanu,
Namabuku